Fayilo Imene Sinabwezedwe

Makiyi anatuluka pageti la kuntchito usiku, minibasi zitasiya kale kuyenda. Alonda anamuwalitsa tochi pamimba, kenako pankhope, n'kumufunsa ngati munthu wotopa chonchi amayenda yekha mumdima. Iye anawayankha kuti mimba si matenda, ndiponso miyendo yake ndi yobadwa nayo, si yokhoma ngati imene amapanga mkatimo. Alonda anaseka akupukusa mutu, nakoka unyolo wa geti.

Mkati mwa mpandawo munali shopu yopanga miyendo ndi manja za anthu amene anaduka ziwalo. Makiyi sankagwira macheka kapena pulasitala. Iye anali mlembi. Munthu akabwera kudzayezedwa, amisiri ankalemba miyeso pakapepala kothimbirira ndi zala zawo, iye n'kuilowetsa m'fayilo ya munthuyo: pamene mwendo unadukira, kunenepa kwake, tsiku lodzabweranso. Mafayilo onse ankakhala malo amodzi, pa netiweki ya pantchitopo, imene aliyense ankangoitchula kuti nkhokwe. Kompyuta iliyonse ya mkati mwa mpanda inkalowa m'nkhokwemo. Ukangotuluka geti, basi, sinkatseguka.

Nkhokweyo inali ndi lamulo lake. Ukafuna kusintha kanthu m'fayilo, unkayamba waitenga. Ukaitenga, pambali pake pankaoneka kaloko kakang'ono ndi dzina lako, ndipo wina sakanalembamo mpaka iwe utaibweza. Anakonza choncho kuti anthu awiri asamafufutirane miyeso. Anzake ankatenga n'kubweza nthawi yomweyo. Mlembiyu ankabweza akafuna, ndipo dzina loti Makiyi linachokera pamenepo. Analilandira ngati mendulo.

Tsikuli linali lake lomaliza asanapite ku tchuthi cha uchembere. Abwana anali atabweretsa mlamu wawo kuti adzagwirizire ntchitoyo, mayi wamasiye wa magalasi ochindikala, wosalankhulalankhula, womva kamodzi. Kumva kamodziko n'kumene kunamusowetsa tulo Makiyi. Sabata yonse anamuphunzitsa akuseka ndi mano okha. Anali ataonapo kale kwina: mpando ukausiya ukutentha, pobwera umaupeza utazolowera matako ena. Nanga wokhalapo akakhala mlamu wa abwana, ukadandaula kwa yani? Mwamuna wake anali wopenta nyumba, ntchito yake ya mwezi uno ilipo, mwezi wamawa kulibe. Pakhomo pawo pankaima chifukwa cha mpando umenewo.

Choncho anthu onse ataweruka, iye anatsala. Anatenga mafayilo onse, imodziimodzi, m'dzina lake. Pofika kumapeto, galasi la kompyuta linali mbwee timaloko, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ankadziwa chimene akuchita. Amisiri akadzafuna kulemba muyeso watsopano, adzapeza potseka. Mlamuyo adzaphethira m'magalasi ake. Wa makompyuta ndi munthu woti ukamuitana lero amabwera mwezi ukatha. Adzamuimbira foni iyeyo basi, mwina kumutumizira galimoto, ndipo abwana adzadziwa kuti shopuyi popanda Makiyi ndi njinga yopanda tcheni. Anadziuza kuti palibe amene afe chifukwa cha kuchedwa pang'ono. Anazimitsa magetsi, n'kunyamula chikwama.

Atafika pasiteji anapeza pali zii. Anatulutsa foni kuti aimbire mwamuna wake, inali itazima. Anatukwana pang'ono chamumtima n'kuuyamba wapansi. Msana unali ukumuwawa kuyambira masana, koma iye ankati ndi kukhala kwambiri.

Anadutsa magolosale otseka, mabenchi awo atagadabuzidwa m'makonde. Anadutsa bwalo la owotcherera zitsulo, kumene mafelemu a zitseko anali ataima mumdima ngati anthu odikira malipiro. Pomwetsera mafuta panali mnyamata atagona pampando, mutu ataukulunga mpango. Kupitirira pamenepo magetsi a mumsewu anatha, ndipo msewu unayamba kutsetsereka kulowera kumlatho.

Musanafike pamlathopo, kudzanja lamanzere, panali nyumba yopanda anthu. Makiyi ankaidutsa tsiku lililonse ali m'minibasi, maso ali pafoni. Sanaiyang'anepo bwinobwino. Lero anaiona. Chitseko panalibe. Maluwa a mpanda anali atakula mpaka kuphimba mawindo, ndipo lata limodzi la padenga linkagwedezeka ngakhale kunalibe mphepo.

Anafulumiza. Patapata zake zinkalira pathala, phwa, phwa, phwa. Nkhululu zinkalira m'udzu. Kutsidya kwa mtsinje galu ankauwa.

Kenako galu uja anasiya.

Nkhululu nazo zinasiya, zonse nthawi imodzi, ngati wina wazitsekera m'botolo.

Pakhomo pa nyumba ija panali pataima munthu.

Anali mzimayi wamtali, atavala jasi loyera lopyapyala, longa limene amavala m'shopu mwawo. Mikono anali ataipinda kutsogolo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, monga amachitira munthu amene wanyamula mulu wa mabuku olemera. Koma m'manjamo munalibe kanthu.

Makiyi si mkazi wothawa mnzake. Anapereka moni, kufunsa ngati aswera bwino. Mzimayiyo sanayankhe moniwo. Anatsika pakhonde, nalowa mumsewu, n'kuyamba kuyenda pambali pake.

“Mwabweza?”

Mawu ake anali otsika, osasa, ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osalankhula. Makiyi anaganiza kuti ndi wodwala mutu. Oterewa sumatsutsana nawo, umangoyenda. Anakumbatira chikwama chake n'kuwonjezera liwiro. Mnzakeyo sanatsale.

Phwa, phwa, phwa. Anamvetsera. Mapazi olira anali ake okha. Anadziuza kuti mwina winayo sanavale nsapato. Sanayang'ane pansi kuti atsimikize.

“Ndati, mwabweza?”

“Kubweza chiyani, amayi?”

“Zimene mwatenga. Ana akubwera Lolemba. Miyendo yawathina.”

Makiyi anamuyang'anitsitsa.

Lolemba linalidi tsiku la ana. Mwana amakula koma mwendo wokhoma sukula. Ukathina umamudya, pamatuluka chilonda, ndipo mwana amasiya kupita kusukulu. Amisiri ankawayeza onse tsiku limodzi, makolo atabwera nawo kuchokera kutali, ena atagona panjira. Makiyi ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. Madzulo onse aja, akudina timaloko, anali atazikankhira kuseri kwa mutu. Koma mzimayiyu wazidziwa bwanji?

Anafika pamlatho. Kunsi madzi ankalindima. Kunazizira mwadzidzidzi, kuzizira kolowa m'mano.

Anamufunsa kuti ndi ndani. Mzimayiyo anayang'ana kutsogolo, mikono ili chipindire.

“Mpando uja ukadagwederabe? Mwendo wakumbuyo. Ndinkaikapo katoni.”

Katoniyo analipo. Makiyi anamupeza pansi pa mwendo wa mpando tsiku limene anayamba ntchito, wakuda, wophwatalala ngati chikopa.

Anafuna kuthamanga.

Pakati pa mlatho ululu unamugwira. Unayambira kumsana, n'kuzungulira kutsogolo ngati lamba wachitsulo amene wina akumukoka. Chikwama chinagwa. Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa mlatho ndi manja awiri, nawerama. Kenako anamva zofunda zikutsika m'miyendo...

Nsupa yasweka!

Si lero. Kuchipatala anamuuza kuti kwatsala masabata. Si pano. Osati pamlatho.

Anadzutsa mutu. Kwawo kunali kutsidya, kukwera chitunda chonse chija, n'kukhota, n'kukhotanso. Anatola chikwama, naponya phazi kulowera komweko.

Mzimayi uja anali ataima kutsogolo kwake. Sanamuone akudutsa. Anangopezeka ali pamenepo, pakati pa njira, nkhope yake ili pafupi. Inali nkhope ya munthu wamba, yotopa, milomo youma. Koma mpweya sunkatuluka. Kuzizira konse kuja, Makiyi ankaona wake ukufuka ngati utsi. Wa mnzakeyo ayi.

“Uku si kwanu lero,” anatero mzimayiyo. “Bwererani.”

“Ndisiyeni ndipite, chonde. Mukuona mmene ndililimu.”

“Ndikuona. Inenso ndinati ndidzabweza Lolemba.”

Madzi analindima kunsi. Lata lija linalira kumbuyo, kwee... kwee...

“Manja andilemera, anzanga. Mukalowe kumene kumakhala zosabwezedwa. Pansi penipeni. Mukandibwezere yanga.”

Makiyi anatembenuka. Kaya ndi mantha, kaya ndi nzeru, iye mwini sadziwa. Chimene anawerengera m'mutu n'choti kuntchito kuli alonda, alonda ali ndi foni, ndipo dalaivala wa shopu amagona m'kanyumba ka kuseri kwa mpanda. Kunyumba kunali mwamuna wamanja awiri ndi njinga yakapalasa.

Chitunda chobwerera chinali chachitali kuposa mmene anachitsikira. Ankayenda pang'ono n'kuima, manja pamawondo. Ululu ukabwera ankaluma lamba wa chikwama. Sanacheuke. Sankamva mapazi, koma kumsana kwake kunkazizira ngati watsamira khoma la simenti, ndipo ankadziwa kuti mnzake ali pomwepo.

Anadutsa nyumba ija osaiyang'ana.

Nthawi ina anagwada pathala, n'kunena kuti sangathenso, amugwire dzanja.

“Sindingathe. Ndanyamula. Dzukani.”

Panalibe chisoni m'mawumo, ndipo n'zimene zinamudzutsa. Akanamunyengerera akanagona pomwepo. Anadzuka atakwiya, nayenda ndi mkwiyo womwewo mpaka kuwala kwa getsi loyamba la mumsewu kunagwa pamapazi ake.

“Ine ndithera pano.”

Apa ndiye anacheuka. Mzimayiyo anali ataima pamene kuwala kunathera, jasi lake likuoneka mbuu. Anatembenuka pang'onopang'ono, monga amatembenukira munthu woopa kugwetsa katundu, n'kutsetsereka kubwerera kumdima. Patangopita kanthawi nkhululu zinayambiranso.

Alonda atamuona pageti anagwetsa tochi. Anamufunsa mafunso atatu nthawi imodzi, osadikira yankho, kenako anathamangira kuseri kukagogoda kwa dalaivala. Anamusiyira mpando wawo kuti akhalepo. Pobwera anapeza mpando uli wokha, mu ofesi mukuyaka magetsi.

Anamupeza ataimirira kutsogolo kwa kompyuta, dzanja lina lili padesiki, lina likulemba pasiwedi. Alonda anati aona amisala ambiri pageti limenelo, koma wobereka akutayipa anali asanamuone. Makiyi anawauza kuti ngati akufuna kuthandiza akatsegule geti lonse, asiye kumuuzira mpweya m'khosi.

Nkhokwe inatseguka. Timaloko tija tinali pomwepo, mzere ndi mzere, dzina lake pambali pa kalikonse. Anationa mmene mmisiri akanadzationera Lolemba m'mawa, mwana atakhala pabenchi mwendo uli m'manja. Anasankha mafayilo onse pamodzi n'kudina pobwezera. Kutseka kunamutengera madzulo onse. Kubweza kunali kudina kumodzi. Timaloko tinazimirira kuyambira pamwamba kutsika, ngati nyerere zothiridwa madzi otentha.

Ululu unabweranso. Anaudikira utadutsa, chipumi atachigunditsa pakhoma.

Panali malo ena m'nkhokwemo amene wosunga nkhokweyo yekha ndiye ankaloledwa kulowamo. Wa makompyuta anamusonyeza kamodzi, mothamanga, tsiku limene ankamupatsa pasiwedi ya wosunga. Munthu akayamba fayilo yatsopano koma osaibwezapo ngakhale kamodzi, anzake saiona n'komwe. Kwa iwo kulibe. Imangokhala kumeneko, m'manja mwa mwini wake. Makiyi anali asanalowemonso chiyambire. Analowa.

Munali zinyalala: makalata oyamba osamaliza, chithunzi cha phwando la Khirisimasi, fayilo yopanda kanthu yotchedwa “yesani”. Anatsitsa. Anatsitsanso. Pansi penipeni panali imodzi yaikulu, yakale kuposa zonse. Inalembedwa kuti “Ana onse”. Pambali pake panali kaloko, ndi dzina la mkazi limene sanalimvepo.

Kompyuta inamupatsa njira ziwiri: kuitaya, kapena kuilanda n'kuibweza kuti onse aione. Panja galimoto inaliza hutala. Sanaitsegule kuti aone zam'kati. Anailanda, naibweza, n'kuzimitsa kompyuta monga mwa lamulo, chifukwa ngakhale pamenepo sanafune kuti mawa wina anene kuti Makiyi anasiya zinthu zili chiyakire.

Mwana anabadwa kukucha, wamkazi, wamng'ono koma wamkokomo. Makiyi anataya magazi ambiri, moti anamwino anathamangathamanga mpaka dzuwa kutuluka. Zitadekha, namwino wamkulu anamuuza mosabisa kuti akanachilira kunyumba kapena panjira, bwenzi tsopano akukamba zina. Mwamuna wake anafika penti ili m'zigongono, atazungulira usiku wonse kumufunafuna. Analowa atakonzeka kukalipa. Atamuika mwana m'manja, anangokhala pansi n'kumayang'ana padenga, maso ali psuu.

Makiyi sanauze munthu za pamlatho. Kuwala kwa dzuwa kumachepetsa zinthu. Atagona pabedi la chipatala anaikonza nkhaniyo mpaka inakhala bwino: mzimayi uja anagwirapo ntchito kushopu, anamuchotsa, mutu unasokonekera, ndipo tsopano amagona m'nyumba yopanda chitseko. Za mpweya wosafuka anaziika pa ululu. Munthu ali pakati pa kubereka amaona zambiri.

Chimene chinkamudya n'china. Maloko anali atachotsa yekha. Foni yake, imene tsopano inali ndi moto, inangokhala chete. Lolemba linadutsa, palibe amene anaimba kufunsa kanthu. Shopu inkayenda popanda iye. Ankayamwitsa akuyang'ana foniyo ngati mphika wokana kuwira.

Atatuluka m'chipatala, tsiku lina masana kunabwera alendo awiri kunyumba. Woyamba kulowa anali mmisiri wamkulu, bambo wa imvi amene anayamba ntchito shopuyo ikadali chipinda chimodzi. Pambuyo pawo panali mlamu wa abwana uja, atanyamula sopo ndi matewera.

Amisiri sanafunse n'komwe za mayi. Anavundukula mwana, nagwira timiyendo tonse tiwiri, kutipinda, kutiwongola, kuwerenga zala. Anati ntchito iyi ndi ya mmisiri wodziwa, palibe pokonza, ndipo kasitomala ameneyu amuluza. Mwamuna wa Makiyi anati akadzafuna penti yokha adzanene. Anaseka onse, kupatula Makiyi, amene ankayang'ana magalasi a mlamu uja kudikira kuti nkhani yeniyeni ituluke.

Inatuluka, koma osati imene ankaiopa. Mayiyo anati chiyambire Lolemba sanapume. M'nkhokwe munatulukira fayilo imene palibe ankaidziwa, yodzaza ana amene shopu inawapangira miyendo zaka zakale: miyeso yawo, kumene ankakhala, masukulu awo, mafoni a makolo ndi a malume awo. Amisiri aakuluwo ataiona anavula magalasi n'kutuluka panja.

Amisiriwo anafotokoza okha. Kale zonse zinkalembedwa pamakadi. Nkhokwe itabwera, mlembi wa nthawi imeneyo anakopera makadi a ana onse m'kompyuta, nawauza kuti zatheka. Makadiwo anali atadyedwa ndi chiswe, choncho anawawotcha. Pambuyo pake atafuna fayiloyo, sanaipeze. Makolo ambiri amaganiza kuti mwendo amapereka kamodzi basi. Ukapanda kuwaitana, sabwera. Ana amene anabwera okha anathandizidwa. Enawo anangosowa ngati madzi othira pamchenga.

Tsopano anali akuwaimbira. Manambala ambiri anafa kalekale. Ena ankayankha anthu achilendo. Koma ena ankalowa. Mtsikana wina anapezeka akusoka zovala pamsika, akupalasa makina ndi phazi limodzi. Mnyamata wina, amene amisiri ankamukumbuka ali kamwana kolira poyezedwa, anayankha ndi mawu a bambo. Anati kamwendo kake kakale anakapachika pakhoma, amayendera ndodo, ndipo ankaganiza kuti shopuyo inatsekedwa. Akubwera sabata yamawa.

“Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, amake mwana,” anatero mlamu uja. “Ndawauza alamu anga kuti inu mukapanda kubwerera, ine ndithawa. Alamula kale kuti akhome desiki yachiwiri. Chirani msanga, musanyade.”

Makiyi anayankha kuti aona mmene thupi lichitire. Sanafune kuti chimwemwe chake chionekere kwa munthu amene anamuchitira nsanje sabata yathunthu. Koma mapewa ake anatsika, ndipo mayi wa magalasiyo anaona.

Abambo awiri aja atatuluka kukaona khoma limene mwamuna wa Makiyi ankalipenta, mlamuyo anasendera pafupi n'kuyamba kupinda matewera. Osadzutsa mutu, anati nkhokwe imakumbuka amene watenga fayilo ndi nthawi imene waibweza. Iye anaona zonse: madzulo mafayilo onse kutengedwa, usiku onse kubwezedwa.

Makiyi anamuyang'ana m'maso. Anafunsa ngati abwana akudziwa.

“Akanadziwa kwa yani? Ine ndinaona zobwezedwa. Zinazo ndi mimba.”

Anapitiriza kupinda matewera. Makiyi anatenga limodzi n'kumusonyeza mmene iye amapindira, ndipo mayiyo anamva kamodzi.

Amisiri atabwerera m'nyumba anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. Anati pali chimodzi chimene chikuwasowetsa mtendere. Fayiloyo anaifunafuna iwo, abwana, ndi anyamata a makompyuta awiri osiyana. Iye, usiku, ali ndi ululu, anadziwa bwanji koyang'ana?

Makiyi anati anachita kuuzidwa ndi mzimayi amene anakumana naye kumlatho. Ndipo popeza nkhani yafika pamenepo, ali ndi mawu ndi akuluakulu a shopu. Si bwino munthu kukugwirirani ntchito, mutu ukamusokonekera n'kumutaya ngati nsanza. Mzimayiyo akugona m'nyumba yopanda chitseko ya kumlatho, akuyendayenda usiku ndi jasi la kuntchito, mikono ili chonchi. Anawasonyeza mmene anaipindira. Anati kaya anamuchotsa chifukwa chiyani, koma fayilo yake ndi imeneyo yawathandiza, ndipo iyeyo ndi mwana wakeyu ali moyo chifukwa anamubweza panjira. Akangopeza mphamvu apita kukamuona, ndipo akufuna shopu ipereke kanthu.

Amisiri anafunsa kuti mzimayiyo anali wotalika bwanji. Makiyi anawauza. Anafunsa zimene ananena. Anawauzanso, mawu ndi mawu, mpaka pa za Lolemba.

Chipewa chinagwa pabondo. Sanachitole.

Mlamu uja anasiya kupinda.

“Tinamunena, mwana wanga,” anatero amisiri. “Tinati anatinamiza, sanakopere kanthu. Zaka zonsezi dzina lake sitilitchula m'shopu muja.”

“Ndiye mukam'pepese. Ali pompo pamlatho.”

Bamboyo anapukusa mutu pang'onopang'ono.

“Nyumba ija inali yake, inde. Anapita ku tchuthi ngati chanuchi. Potsanzika anati pali kanthu kamodzi sanamalize, adzadutsa Lolemba. Loweruka matenda anamuyamba ali yekha m'nyumba, anafika kuchipatala mochedwa.” Anaima, napukuta pakamwa ndi chikhatho. “Bokosi lake ndinakhoma ndine, ndi matabwa a m'shopu mwathu momwemo.”

Makiyi anamva kuzizira kuja kukubwerera kumsana. Anamukumbatira mwana wake mpaka analira. Patapita nthawi anafunsa, mawu ali pansi, ngati mzimayiyo anapita limodzi ndi mwana wake.

“Ayi, mwana anatsala. Wamkazi, wamtali ngati amake. Anamutenga azakhali ake.” Amisiri anawerama n'kutola chipewa. “Chaka chino walowa sekondale.”